Mizere ya alendo: masiku anayi kwathu ku Linthipe

Mukakwera minibasi ku Lilongwe kumapeto kwa Malichi n'kutsata msewu wa M1 wopita ku Blantyre, mphuno ndi yomwe imayamba kukuuzani kuti dzinja likutha. Pa Nathenje, pa Kamphata, mpaka pa Chimbiya mutawoloka mtsinje wa Diamphwe, paliponse pomwe galimoto yaima pakumveka fungo la chimanga chootcha. Anyamata akukupiza moto pambaula, amayi ayala maungu, nyemba zaziwisi ndi milu ya mbatata ya kachewere m'mphepete mwa msewu. Midzi yomwe mu Okutobala imakhala poyera, nyumba zake n'kumawerengeka, tsopano yamira m'chimanga. Chongooneka ndi utsi ndi nsonga za madenga basi.

Ine ndidatsika pa Linthipe dzuwa litapendeka, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kulowera kumudzi komwe adabadwira mayi anga. Kwathu ife Achewa ndi kwa amayi, ndipo chimwalirireni mayi anga ndimafikira pakhomo pa akulu awo, omwe ndimawatchula kuti amayi aakulu. M'chikwama ndidatenga shuga, mchere, sopo ndi botolo la mafuta ophikira. Pansi pa zonsezi ndidapinda bwinobwino thumba lopanda kanthu. Musandiseke, inunso a m'tauni mukulidziwa thumba limenelo.

Mudziwo uli chapafupi ndi phiri la Chongoni. Anthu akunja amalidziwa dera limeneli chifukwa cha zojambula zakale za m'mapanga: zofiira zomwe adasiya Akafula, ndi zoyera zomwe adajambula makolo a Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi ya kudambwe. Malo otere alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Koma kwa amayi aakulu ntchito ya phirilo ndi ina. Mtambo wakuda ukakhala pamutu pake, ndiye kuti chilichonse chomwe chayanikidwa pabwalo chilowe m'nyumba msanga.

Ndidawapeza pakhonde akusadzula nkhwani, lichero lili pamiyendo. “Odi kuno!” Adadzutsa mutu, kundiyang'ana, n'kuyamba kuseka. Mphasa idayalidwa, tidalonjerana mwa dongosolo lake: za ulendo, za ana, za bambo awo a ana, za chifuwa chawo chomwe sichikutha. Malonje asanathe n'komwe adaitana kamdzukulu kawo komwe kamasuzumira pakona.

“Iwe, thamanga kuseriko ukathyole zisanu zokhwima bwino. Kumizere ya alendo, wamva? Usakalowe kwinako.”

Mawu oti mizere ya alendo ndidawamva ndithu, koma sindidawaike kumtima. Mtima wanga udali pamoto. Mondokwa wongothyola kumene, wootcha pamakala a nkhuni, amatsekemera mwakuti uja timagula m'tauni atagona masiku awiri m'thumba sangafaneko. Ndidadya ziwiri ndekha, chachitatu n'kugawana ndi ana.

Tsiku limayamba ndi mame

Anthu ena amaganiza kuti Malichi ndi mwezi wopuma kumudzi, poti kupalira ndi kubandira zidatha ndipo kukolola sikunayambe. Akagoneko usiku umodzi aone. Tambala akamalira kachiwiri, tsache layamba kale kumveka pabwalo. Atsikana anyamula zidebe kupita kumjigo, ndipo pobwera zitenje zanyowa mpaka m'mawondo chifukwa udzu wa m'njira ndi wautali, mame ali thoo. Anyamata ntchito yawo ndi mbuzi. Nyengo ino mbuzi siyenda yokha. Iliyonse imakokedwa pachingwe kukamangiriridwa pachikhomo kudambo, ndipo masana imasunthidwa kuti ipeze msipu wina. Ikangodula chingwe n'kulowa m'munda mwa eni ake, umenewo ndi mlandu wa kwa amfumu, ndipo kawirikawiri umathera pa kulipa. Zonsezi zichitike belu la kusukulu lisanalire.

Kukhitchini ndiye kuli nkhondo ya utsi. Nkhuni ndi zonyowa, zitsononkho ndi mapesi ouma kulibe mpaka adzakolole. Ndidati ndithandizeko kusonkha moto, koma ndidatulukamo misozi ili chuchuchu, ana akuuzana kuti amayi a ku Lilongwe akulira. Kadzutsa adali maungu ophika ndi chimanga chophika. Tiyi adalipo chifukwa cha shuga yemwe ndidabwera naye, ndipo ndidaona kuti supuni ikuyezedwa ndi dzanja la amayi aakulu lokha.

Dzuwa likakwera, ntchito imatembenukira kunyemba. Kuno ambiri amabzala nyemba m'mizere imodzimodzi ndi chimanga, ndipo zimacha chimanga chisanaume. Zikachedwa kuzulidwa, makoko amaphulika okha kapena nyemba zimayamba kumera momwemo chifukwa cha mvula. Ndiye ntchito yake ndi kuzula, kumanga mitolo, kusenza, kuyanika pabwalo, kenako kumenya ndi ndodo ndi kupeta. Tsiku lachiwiri tili mkati momenya, amayi aakulu adayang'ana kuphiri n'kukuwa kamodzi kokha: “Anulani!” Simunaone liwiro lotere. Wamkulu, wamng'ono, aliyense ndi chake: uyu mphasa, uyu lichero, uyu zovala za pachingwe. Ngakhale bambo wina yemwe amangodutsa panjinga adaigwetsa pansi n'kugwira mbali ina ya chiguduli. Mvula idagwa kanthawi kochepa, dzuwa n'kuwalanso kuti ng'aa ngati sikunachitike kanthu. Tidatulutsanso zonse n'kuyanika. Bambo uja adapitiriza ulendo wake ali ndi dzungu pakaliyala.

Ntchito ina yosadikira ndi kufutsa ndiwo. Panopa masamba ali mbwee: nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, therere. Munthu akhoza kuiwala kuti mu Seputembala ndi Okutobala dziko lidzakhala lili mbuu, ndiwo n'kumasowa. Amayi aakulu saiwala. Masana onse mphika waukulu umakhala pamafuwa. Masamba amawawiritsa pang'ono chabe, kuwatsanula, n'kuwayanika pamphasa mpaka aume kuti gwaa. Akauma amawakulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi. Chimenecho ndiye chikwatu, ndipo chimapachikidwa kudenga la khitchini komwe utsi umathamangitsa tizilombo. Ndidawerenga zikwatu zinayi. Iwo adati chaka chino akufuna zifike khumi.

Odi sakutha

Pakhomo pa kumudzi palibe geti, palibenso zoimbirana foni kuti tikubwera. Tsiku limodzi lokha ndidawerenga alendo asanu ndi mmodzi, osawerengera ine.

Woyamba adali mayi wa nyumba yoyandikana, kudzabwereka lichero. Adabwerera ndi lichero lake m'manja, pamwamba pake pali nkhwani. Wachiwiri adali mnyamata wotumidwa ndi amfumu: mudzi wa patsidya kwagwa zovuta, khomo lililonse lisonkhe ufa ndi nkhuni. Amayi aakulu adalowa m'nyumba osayankhula. Ndili pakhonde ndidamva mbale ikukanda pansi pa chidebe cha ufa. Phokoso limenelo aliyense wokulira kumudzi amalidziwa tanthauzo lake.

Wachitatu adafika panjinga yamoto, sikelo yake ili kumbuyo. Adali venda, ndipo amafuna kugula chimanga chachiwisi cha m'munda waukulu kuti akagulitse kwa ootcha m'tauni. Ndalama adali nazo pomwepo, mpaka adazitulutsa kuti zioneke. Amayi aakulu adamumvetsera mpaka adamaliza.

“Bambo, ndalama zanuzo n'zabwino, koma sizifika Disembala. Chimanga chimafika. Khalani pansi mudyeko chimodzi, kenako muzipita.”

Adadyadi, n'kupita pakhomo lina. Si onse amamukana, ndipo sindingawaweruze. Kuli fizi ya mwana wa ku sekondale, kuli wodwala wofunika kupita naye ku Nkhoma kapena kuchipatala chachikulu ku Dedza, kuli ngongole ya banki mkhonde yomwe tsiku lake lakwana. Koma wogulitsa mu Malichi ndi yemweyo adzakhale pamzere mu Januwale kugula chimanga cha pambale pamtengo wokwera.

Wachinayi ndi yemwe sindimuiwala. Adali mayi wachichepere, mwana kumbuyo, wina akumukoka padzanja. Adafika dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe mthiko umakhala ukulira mumphika, ndipo adati amangodutsa. Amayi aakulu sadamufunse komwe amapita. Adangoti, “Mwabwera bwino, amayi. Manja atichepera pano, tatithandizani kupeta nyembazi.” Adapeta, tidadya limodzi, ndipo pochoka adasenza maungu awiri, nyemba zomanga pansonga ya chitenje ndi chimanga chingapo. Atapita ndi pomwe msuweni wanga adandinong'oneza kuti mwamuna wake adadwala nthawi yopalira, mayiyo n'kuthera dzinja lonse pa ganyu m'minda ya ena, wake munda n'kudyedwa ndi udzu. Ntchito yopeta ija idali yongomuchotsera manyazi, kuti asabwerere kwawo ngati wopemphetsa.

Awiri omaliza adali amayi a Chigwirizano odzazonda chifuwa chija. Tidapemphera, tidaimba, ndipo kamdzukulu kaja kadathamangiranso kuseri. Mlendo aliyense adalawa kanthu, ndipo ulendo uliwonse kamwanako kamalowera malo amodzimodzi.

Madzulo ake nsima idali ya chitibu. Ufa wa chaka chatha ukatha, anthu amathyola chimanga chomwe chakhwima koma sichinaumitse, kuchitonola, kuchiyanika padzuwa n'kupita nacho kuchigayo. Nsima yake imanunkhira bwino, ndipo ndi nkhwani wotendera ndidadya mpaka kumasula chitenje. Koma chitibu n'chowononga. Chimanga chosauma chimanyala, ufa wake n'kuchepa, ndiye chidebe chilichonse cha chitibu ndi ngongole yomwe watenga kunkhokwe isanamangidwe.

Pomwe padathera feteleza

Tsiku lachitatu kudabwera amalume. Iwo adakwatira mudzi wina, koma poti ndiwo mwini mbumba sapita masiku ambiri osaponda pakhomo pa alongo awo. Atatha malonje adati, “Tiye ukaone munda wa amako.”

Tidayenda pafupifupi theka la ola, kudutsa zigafa za fodya momwe anthu amasoka masamba pokonzekera msika, kudutsa minda ya soya yomwe yayamba kuchita chikasu. Munda waukulu uli pamalo otsetsereka. Chakumunsi chimanga chidali chobiriwira, chachitali kuposa amalume, mapesi ena atabereka ana awiriawiri. Tikukwera mtunda, mtundu udayamba kusintha. Chakumtunda chimanga chidali chachikasu, chondilekeza pachifuwa, tiana take ngati nthochi, ndipo pansi pake padali timaluwa tofiira ta kaufiti, udzu uja umakonda nthaka yoguga n'kumayamwa mizu ya chimanga. Malire ake amaoneka ngati wina adachita kulemba ndi chingwe.

Amalume adaima pamalirepo. “Apa ndi pomwe padathera feteleza wobereketsa,” adatero. Adakhala chete kanthawi, akusenda khoko la kachimanga kena. “Ankati wina wa kutauni atumiza. Adadikira mpaka chimanga chidamasula.”

Sadatchule dzina, ndipo sikudali kofunika. Kumayambiriro kwa Disembala amayi aakulu adandiimbira pafoni ya msuweni wanga, kundiuza kuti thumba limodzi la feteleza laperewera. Ine ndidayankha kuti ndiona mwezi ukatha. Mwezi udatha, Khrisimasi idabwera, Januwale adabwera ndi fizi. N'zoona kuti zinthu zidakwera mtengo kwambiri kuchokera pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo feteleza ndi chimodzi mwa zomwe zidathawa anthu. Koma ndikanena kuti chifukwa chake chidali chimenecho ndinama. Disembala yemweyo ndidasintha makatani a pabalaza. Ndidangoiwala, monga momwe timaiwalira ife okhala kutali ndi munda, omwe mvula timaiona ngati chinthu chodetsa nsapato. Tsopano ndidaima pakati pa chimanga chomwe ndidachimana chakudya, m'mimba mwanga muli mondokwa wa masiku atatu.

Pakona pa mundawo padali kachisakasa ka udzu. M'menemo ndi momwe amagona alamu anga, mkamwini wa pakhomopo, kuyambira chimanga chikayamba kukhwima mpaka chidzadulidwe n'kuimikidwa m'mikukwe. Dzuwa likalowa amanyamula tochi, bulangete ndi chikwanje, udzudzu n'kumawadya usiku wonse, chifukwa akuba a chimanga chachiwisi akalowa usiku umodzi wokha amatha kukolola mizere yambiri. Pobwerera amalume adakumbutsa za 2002, chaka chomwe boma lidalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pangozi ya njala. Anthu adadya madeya ndi zitsa za nthochi, ndipo ogwidwa akuba chimanga m'minda ankamenyedwa koopsa, ena mpaka kuvulazidwa moyo wawo wonse, nthawi zina ndi anthu odziwana nawo. Njala yoteroyo si nthano yakale ayi. Mu Malichi 2024, mvula itadukiza chifukwa cha El Niño, boma lidalengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Munthu wa kumudzi akamayang'ana chimanga chake mu Malichi amakhala akuwerengera miyezi m'mutu.

Iyi ndi ya odi

Usiku womaliza tidakhala pakhonde awiriwiri, ana atagona, achule akusokosa kudambo. Ndidayamba ndi funso losavuta. Kodi mizere ya alendo ija ndi chiyani?

Adaseka. Adati kuseri kwa nyumba kuli mizere khumi ndi iwiri yomwe amabzalamo chimanga chocha msanga, chija amati kanyani. Amabzala ndi mvula yoyamba, n'kuthiramo manyowa a m'khola la mbuzi, ndipo chimakhwima cha kumunda waukulu chikadali ndi mkaka. Adayamba kutero njala ya 2002 itatha.

“Mlendo sungamuuze kuti dikira Meyi, mwana wanga. Wanjala sungamuuze kuti ndilibe pomwe maso ake akuona chimanga chili chilili. Komanso ukamangothyola paliponse, nkhokwe imatha usanaimange. Ndiye ndidagawa. Iyi ndi ya odi, uko ndi kwa ana.”

“Nanga ikatha?”

“Ikatha timapatsa maungu. Maungu amayanga okha.”

“Panopa yatsala ingati?”

“Itatu. Ndipo Isitala ikubwerayi, achimwene ako a ku Blantyre afika ndi galimoto.”

Apa ndi pomwe ndidalimba mtima. “Amayi, za feteleza zija, ndidalakwa.”

Adakhala chete, akupukuta manja pachitenje. “Aa, zidapita zimenezo. Ukadapanda kubwera ndi pomwe ndikadadandaula. Koma ndikuuze chinthu chimodzi. Ukakhala ulibe, uzinena kuti ndilibe. Ndikamva choncho ndimadziwa chochita: kaya ndigulitsa mbuzi, kaya kumtundako ndibzala mtedza kapena soya. Chomwe chimapha munda ndi ‘ndiona’. Munthu umangodikira, chimanga osadikira.”

Sadaonjezere kanthu. Adayamba kukamba za denga la khitchini lomwe likudontha, ndi kuti udzu wofolerera uyenera kumwetedwa mu Juni moto wolusa usanayambe.

M'mawa mwake ndidalongedza zovala zanga, thumba lija n'kulisiya pansi penipeni pa chikwama. Ndidali nditatsimikiza mtima kuti sindilitulutsa. Ndikutsanzika, amayi aakulu adatambasula dzanja. “Bweretsa thumba lako lija.” Ndidati ndilibe thumba. “Iwe, chaka chiti chomwe udabwera wopanda thumba?” Ana adagwa nako kuseka. Kukana kukadakhala chipongwe choposa choyamba chija, choncho ndidalitulutsa. Adaikamo maungu atatu, nyemba, chikwatu chimodzi cha khwanya, ndi chimanga khumi chochokera kumizere itatu yotsala ija. Adandiperekeza mpaka pamjigo, msuweni wanga atasenza thumba, ndipo adaima pomwepo mpaka kabaza adakhota.

Akuluakulu adati kupatsa ndi kuika. Ine mwambiwu ndinkaumva kumbali ya wopatsa yokha, kuti iye ndiye adzapeza zake m'tsogolo. Sindinkaganizira kuti ngati wina waika, ndiye kuti pali wina yemwe wasungitsidwa, ndipo pakhomo paja wosungitsidwayo ndine.

Tchuthi cha Isitala chikayandikira, ambiri a ife timakwera mabasi ndi magalimoto kupita kwathu, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa, ku Mchinji. Pitani ndithu, ndipo mukadye, chifukwa mondokwa wa kwanu mukamukana mukhumudwitsa anthu. Koma musakathere pakhonde. Kapempheni kuti akakuonetseni munda waukulu, mukauyende mpaka kumapeto, mukafunse chomwe chidaperewera ndi mwezi womwe chimafunika. Ngati mungathe, nenani tsiku. Ngati simungathe, nenaninso msanga.

Kwathu ku Lilongwe ana adadya chimanga chija masiku awiri, chikwatu ndachisunga kuti tidzamasule m'chilimwe. Thumba lija sindidalibwezere m'chikwama. Ndalipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pomwe ndizilionera m'mawa uliwonse mpaka Okutobala, mwezi womwe amayi aakulu amakhala atagalauza mizere n'kuyamba kuyang'ana kuphiri.